Tsiku Limene Magetsi Sanazime ku Bangwe

Okutobala, chaka chimene Tadala anayamba sukulu

Chinayamba ndi fungo. Ndinalimva m'mawa ndikupinda mphasa imene munkagonapo inu awiri, fungo ngati la dzira lovunda, koma lopepuka, loti ukakoka mpweya kachiwiri lathawa. Ndinanunkhiza thewera la Yankho, ayi. Ndinasuzumira kunsi kwa bedi kuti kapena khoswe wafera kumeneko, ayi. Ndinavundukula mapoto, ndinatulutsa nsapato zimene bambo anu anasiya popita ku Joni, ndinafika ponamizira ngalande ya kuseri kwa mdadada wathu. Potsiriza ndinagwada pakona pamene panali bokosi la kuntchito, nkuika dzanja pa batire lake. Linali lofunda ngati mwana wa malungo. Pomwepo iwe Tadala unadzuka utagwira pamphumi, nkuti, "Amayi, mutu." Mtima wanga unangoti phwii, ndipo kuyambira tsiku limenelo sunakhalenso m'malo.

Ana anga, ndikulemba izi tsopano nditapuma ntchito chifukwa cha maso angawa, ndiye mundikhululukire zilembo zikuluzikuluzi. Nonse mukudziwa kuti tinachoka ku Bangwe mwadzidzidzi, kuti ndinakhala dzinja lathunthu ndikugulitsa zitumbuwa ku Namiyango asanandiitanenso kuntchito. Koma chifukwa chake mwakhala mukuchimva kwa azakhali anu, amene amathira mchere wambiri. Lero muchimve kwa ine mwini.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, mmene ndinalowera ntchito

Sukulu ndinalekeza sitandade 8 osalemba mayeso, ndiye ntchito imene ndinapeza ku Maselema inali yosesa. Inali kampani yaing'ono, m'shedi yamalata, yopanga mabokosi osunga magetsi. Magetsi akabwera, bokosi limadzaza batire lalikulu longa la lole. Akazima, batire lija limayatsa mababu ndi kutchaja mafoni. Zaka zimenezo mdima unali ngati mlamu wosachoka pakhomo, choncho bwana wathu, a Makwinja, ankaona kuti apeza mgodi. Anali munthu wothamanga, wolankhula akuyenda, wosakwiya msanga koma wosabweza mawu. Tsiku lina anandipeza ndikutola tizitsulo tating'ono pansi nkumatiika m'magulumagulu m'malo motisesera kudzala, ndiye anati, "Iwe, zala zakozo n'zowonongeka pa tsache. Mawa ukhale pa benchi."

Pa benchi ndipo ndinakumana ndi aSauda. Anali mtsikana wa ku Ndirande, wamkulu pang'ono kwa ine, wophunzira kwambiri, amene ankalemba mapulogalamu a m'mabokosiwo. Ankavala mpango wakuda ndi magalasi okhuthala, ndipo akaganiza ankatafuna chivindikiro cha bolopeni mpaka kuchiphwanya. Ntchito yanga inali kulumikiza bokosi lililonse ku kompyuta ndi chingwe, kenako pagalasi pankayamba kutsika mizere ya zilembo ndi manambala, yambirimbiri, yothamanga ngati linthumbu. Zimenezo ankazitcha logi. Tsiku loyamba ndinachita mantha, ndinati ine wa sitandade 8 ndiziwerenga bwanji. ASauda anaseka nkuti, "Achemwali, musaope. M'bokosimu muli tauni. Memore yake, mmene limasungamo zinthu, ndi mapuloti, ndipo puloti iliyonse ili ndi nambala yake, imeneyo ndiye adiresi. Muli kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kamatumidwa kukasiya mauthenga m'mapulotimo: apa yatsa, apa zimitsa, apa usapitirire. Logi ndi dalaivalayo akusimba kumene wayenda. Kwathu ku Ndirande timangoti kuseri kwa chigayo ndipo munthu amafika, koma makina safuna zimenezo. Ukaphonya nambala imodzi, uthenga wapita kwa eni ena."

Maadiresiwo sanali manambala wamba. Ankasakaniza manambala ndi zilembo, kuyambira a mpaka f, ndipo ankatuluka othithikana, opanda mpata, ena aatali ena aafupi, wina pakati pa mzere wina kumapeto. Kufupikako kunali chifukwa makina ankataya maziro akutsogolo, monga ifenso polemba seveni sitiyamba ndi ziro. Ine sindinkayenera kuwawerenga. Changa chinali kudikira pansi penipeni: pakatuluka OK, bokosi lapambana, ndimata kapepala kobiriwira, pakatuluka china, ndiitane aSauda. Basi. Ndinkagwira ntchito imeneyo ndi mtima wonse, maso ali tong'o pagalasi, poopa kuti ndikaphethira andibweza ku tsache.

Ndiye panabwera lamulo la bwana. Panali anthu ena akunja ofuna kugula mabokosi ambiri, koma anati aone kaye kuti agwira ntchito m'nyumba zenizeni, kwa miyezi, osaima. A Makwinja anati wantchito aliyense atenge bokosi limodzi kwawo. Munthu wamagetsi anabwera nkulilumikiza kukhoma mwachindunji, popanda pulagi yoti nkuzula, ndipo pachivindikiro ndi pa mawaya a batire anamatapo chidindo cha kampani. "Logi imalemba chilichonse," anatero bwana tonse titaima pabwalo. "Magetsi akazima okha, palibe mlandu. Koma wodula chidindo nkuchotsa batire watiwonongera malonda tonsefe, ndipo geti ndi iyo." Palibe anadandaula. Kudandaula chiyani, kuwala kwaulere? Mumdadada wathu wa zipinda zisanu, chathu chokha ndicho chinkawala mdima ukagwa. Anthu amene kale sankandipatsa moni anayamba kuti, "Amake Tadala, mwaswera bwanji, kafoni kangaka." Ngakhale alandilodi, aNachisale, mayi wamasiye wamawu aakulu amene nyumba yawo inali kumutu kwa mdadada, anakoketsa waya kuti babu limodzi liziwala pakhonde pawo. Ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba, osadziwa chimene ndagoneka pafupi ndi mitu ya ana anga.

Sabata ya fungo

Tsiku lomwe ndinamva fungolo ndinakanena kuntchito. A Makwinja anali akutuluka ndi zigubu za petulo, pakuti mafuta nawonso anali atasowa m'tauni, ndipo anandiyankha ali pakhomo: "Esitere, Okutobala uno chilichonse chikufunda. Ndigwire inenso uone ngati sindikufunda." Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa bwana akaseka umaseka. Koma aSauda sanaseke. Anandikokera kumbali nkundifunsa mafunso ambiri: fungo lotani, nthawi yanji, magetsi anakhala nthawi yaitali bwanji usiku umenewo, m'mbali mwa batire mwatupa kapena ayi. Nditayankha anati, "Batire likamanunkha choncho ndiye kuti likudyetsedwa litakhuta kale. Limawira m'kati, limatulutsa mpweya woipa, ndipo mpweya umenewo ukakumana ndi kamoto kakang'ono, umaphulika. Koma siziyenera kutero. Dalaivala amauza bokosi malire ake, ndinalemba ndekha." Ndinafunsa kuti nanga pa benchi bwanji sitinaone kanthu. Anati pa benchi bokosi limakhala kanthawi kochepa, batire silifika pokhuta.

Masiku otsatirawo aSauda anakhala pagalasi osadya, osacheza, kungonyamuka nthawi ya swala nkubwereranso. Ankatsitsa logi, kuikweza, kuitsitsanso, chala chili pagalasi, milomo ikuyenda. Paliponse dalaivala ankati ndapita, ndasiya uthenga, OK. Ine kunyumba ndinasamutsa mphasa yanu kuiika pafupi ndi chitseko, koma chipinda chimodzi nkusamutsira kuti? Mukatambasula miyendo munkagunda bokosi lomwelo. Ndinaleka kulowetsa mbaula m'nyumba, ndinabisa machesi m'thumba la diresi la kutchalitchi, ndinkasiya zenera lotsegula mpaka udzudzu kutimaliza. Magetsi akabwera anzanga onse mumdadada ankakuwa "Abwera!", ine nkuthamangira kukagwira batire. Akazima, anzanga nkumatukwana, ine nkumati zikomo Ambuye chamumtima. Fungo linkabwera nkupita. Tsiku lina kulibiretu, ndinkadziuza kuti ndine wamantha chabe; tsiku linzake nalo, ndipo iwe Yankho nkumatsokomola.

Lachinayi aSauda anataya bolopeni patebulo nkuvula magalasi. Maso anali ofiira ngati alira. "Achemwali," anatero, "ine sindikuwerenganso, ndikungoyang'ana. Maso akaona chinthu chomwecho kambirimbiri amayamba kuona chimene akufuna. Manambalawa ndiwafoletse kaye." Anandifotokozera mmene achitire, ndipo ndikukumbukira chifukwa ndinali nditagwira m'mphepete mwa tebulo ngati munthu womvera dokotala. Adiresi iliyonse izituluka ndi malo asanu ndi atatu, yaifupi aziidzaza ndi maziro kutsogolo, osatayanso. Aziidula pakati, zinayi uku zinayi uku, monga timachitira potchula nambala ya foni. Zilembo zikhale zazikulu kuti zisabisale pakati pa manambala. Ndipo maadiresi onse aziyambira pamalo amodzi, ina pansi pa inzake, dzina la ntchito yake lili pambali. "Ngati pa asembule kusukulu," anatero. "Ana akaima pamzere, wopanda yunifomu amaonekera patali."

A Makwinja atamva zimenezo sanakondwe. Anaima kumbuyo kwa aSauda manja ali m'chuuno. "Sauda, alendo ogula aja akubwera sabata yamawa, iwe ukukongoletsa manambala? Akupita ku chinkhoswe?"

"Bwana, sindingakonze chimene sindikuchiona."

"Logi ikuti OK."

"Ikuti OK chifukwa dalaivala wasiya uthenga. Sikunena ngati wausiya pakhomo loyenera."

Bwana anapukusa mutu, nkuti tsiku limodzi lokha, likapita abwerere ku ntchito ya alendo. ASauda anavala magalasi awo nkuyamba kusintha mzere ndi mzere paliponse pamene dalaivala amalemba adiresi, ndipo malowo anali ambiri. Ine ndinabwerera pa benchi yanga, kumata timapepala tobiriwira pa mabokosi amene sindinkawakhulupiriranso.

Lachisanu la sabata imeneyo

Cha kumasana aSauda anandiitana kuti ndibweretse bokosi limodzi ndi chingwe. Ndinalumikiza. Logi inatsika, koma ulendo uno inatsika mwaulemu, ngati asilikali. Ndinali ndisanaonepo chinthu choyera choncho pagalasi limenelo. Ndipo pakati pa mzerewo panali chonchi:

4002 0A08
4002 0A0C
0400 2A10
4002 0A14

Sipanafunike sukulu. Tonse awiri tinachiona nthawi imodzi, ngati dzino lakuda pakati pa oyera. Onse ankayamba ndi 4002, koma umodzi wokha unayamba ndi ziro, ndipo dzina la pambali pake linali la malire a batire. ASauda anagwira pakamwa. Kenako anatsegula logi yakale nkundionetsa mmene inkaonekera kale: yolondola ikanakhala 40020a10, koma inkatuluka 4002a10, itabisala pakati pa anzake. Ana anga, yang'anani manambala awiriwo mundiuze ngati mukanasiyanitsa mutatopa. "Ndinasiya ziro mmodzi polemba," anatero aSauda ndi mawu apansipansi. "Ndine ndemwe. Uthenga woti usapitirire wakhala ukupita papuloti yopanda munthu. Bokosi silinauzidwepo kuti lileke."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji mpaka lero palibe limene laphulika.

"Chifukwa magetsi amazima," anatero. "Sakhalitsa mpaka batire kufika poipa. Mdimawu ndi umene wakhala ukutisunga."

Pamenepo ndinakumbukira kuti m'mawa umenewo ndinachoka kunyumba magetsi alipo, ndipo anali atabwera dzulo lake madzulo. Ndinatulutsa foni nkuimbira aNachisale, pakuti iwo ndiwo ankakuyang'anirani masana: iwe Tadala ukaweruka kusukulu unkatenga mlongo wako kwa iwo nkukamugoneka m'chipinda chathu, kiyi ili pakhosi pako pa chingwe. Anayankha mosangalala, wailesi ikulira kumbuyo. "Amake Tadala! Lero atikonda, mwana wanga! Chibwerereni dzulo sanaphethire nkomwe. Mafilizesi anga aundana koyamba mwezi uno!" Ankagulitsa mafilizesi kwa ana asukulu, ndipo firiji yawo inali ngati mwana wawo woyamba. Ndinati, "Mayi, ndagwira mwendo wanu, zimitsani meni switchi, batire lija ndi loopsa." Meni switchi ya mdadada wonse inali m'chipinda chawo chogona, pamwamba pa bedi, chifukwa mita inali imodzi. Anaseka. "Ndizimitse? Anthu akulira magetsi dziko lonse, ine ndizimitse ndekha? Mwadya chiyani kuntchitoko?" Ndinati chabwino, tulutsani ana okhawo, ali kuti? Anati, "Wamng'onoyo wagona, musamudzutse mwana ndi dzuwa ili, akadzuka ndi..." Foni inaduka. Mayunitsi anali atatha.

Ndinathamangira mu ofesi ya bwana osagogoda, aSauda ali pambuyo panga. Kunena zoona, a Makwinja atamva anasintha nkhope, sanatsutse. Anatenga foni yawo pomwepo nkuimbira akazi awo ku Chilomoni kuti azimitse meni switchi, pakuti nawonso anali ndi bokosi, nkuuza wantchito aliyense achite chimodzimodzi kwawo. Kenako anati, "Kuzimitsa switchi kulibe mlandu, logi iona ngati magetsi azima okha. Sauda akonze pulogalamu lero, mawa tiyenda nyumba zonse, tiilowetsa ndi chingwe osakhudza chidindo. Lero sitingathe, galimoto ili pamzere wa mafuta ku Kameza chigonereni."

"Bwana, ine switchi ndilibe. Ili kwa alandilodi, ndipo akana."

Anandibwereka foni yawo, ndinaimbanso, koma inangolira osayankhidwa. Wailesi ija iyenera kuti inali itaphimba zonse. Bwana anayenda uku ndi uku. "Esitere, magetsi a Blantyre ndimawadziwa ine, azima okha posachedwa. Amazima tsiku lililonse. Upite ukawachonderere alandilodiwo, koma chidindo usakhudze. Malondawa akalephereka, shedi ino titseka, anthu onsewa akadya chiyani? Ndinanena pabwalo, ndipo sindingasinthire munthu mmodzi." Sananene mwaukali, ananena ngati munthu wopempha, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka kwambiri. Ndinayang'ana anzanga pa benchi, azibambo a mabanja, onse maso ali pa ine. Ndinaganiza za bambo anu amene anali atakhala chete ku Joni, ndinaganiza za tsache, ndinaganiza kuti ngakhale tsachelo sindidzalipezanso.

Potuluka pageti aSauda anandithamangira. Anandigwira dzanja ngati akutsanzika, ndipo m'dzanjamo ndinamva chitsulo chozizira: kasipanala kakang'ono ka pa benchi. Analankhula mofulumira, maso ali ku ofesi. "Mverani ndondomeko yake, musasinthe. Ana atuluke kaye. Mutsegule chitseko ndi zenera, musayatse kapena kuzimitsa chilichonse m'chipindamo, ngakhale foni musalowe nayo. Kenako meni switchi. Mudikire mpweya utuluke. Mukatero mumasule waya wakuda poyamba, wofiira pambuyo, sipanala isakhudze mitu iwiri ya batire nthawi imodzi. Nkhope muyang'ane kumbali. Chosankha ndi chanu, achemwali, koma ine akanakhala anga sindikanadikira mawa."

Masana a tsiku lomwelo

Maminibasi kunalibe, onse anali m'mizere ya mafuta. Kuchokera ku Maselema mpaka ku Limbe ndinathamanga wapansi, masilipasi ali m'manja, phula likuwotcha mapazi, ndipo njira yonse maso anga anali m'mashopu kufuna kuona babu lozima. Onse ankawala. Mawailesi ankalira, owotcherera zitsulo ankathetheretsa moto, ometa ankameta, tauni yonse inali pachikondwerero, ine ndekha ndikupempha Mulungu kuti abweretse mdima. Ku Limbe pasiteji panali chikhamu cha anthu, ndiye nditaona kapikapu konyamula matumba a makala kakukhotera njira ya ku Bangwe ndinakakamira kumbuyo kasanaime nkomwe. Mwini wake anakuwa, "Mayi inu mufa!" Ndinati, "Achimwene, ana anga ali m'nyumba ndi moto, yendetsani!" Sanafunsenso. Ndinakhala pamwamba pa makala ndikubwereza ndondomeko ija ngati katekisimu: ana, zenera, switchi, kudikira, wakuda, wofiira. Pachitunda chilichonse kagalimotoko kankalira ngati kafa, ine nkumayang'ana kutsogolo kuphiri kuti kapena ndiona utsi.

Utsi kunalibe. Mdadada unali chete ndi dzuwa, nkhuku zitabisala pansi pa thandala. Chitseko chathu chinali chotseka. Foni ndinaiponya pa udzu, nkukankha chitsekocho, ndipo fungo linandimenya kumaso mpaka misozi, osati lopepuka lija ayi, lolemera, lokanda pakhosi. Pakona batire linkalira chapansipansi, kuti tswii, ngati nyemba zoyamba kuwira, ndipo m'mbali mwake munali mutatupa ngati mimba. Iwe Yankho unali chigonere pamphasa, thukuta lili kamukamu. Iwe Tadala unali utakhala pambali pake ndi kope lako, maso ofiira, ndipo unati, "Amayi, ndatseka chitseko kuti ntchentche zisamudzutse." Ndinanyamula wina kudzanja ili wina kudzanja ili, ngakhale unali wamkulu woti sindinkakunyamulanso, nkuthamanga nanu mpaka pamtengo wa mapeyala kutsidya kwa msewu. Yankho unadzuka nkulira, ndipo kulira kumeneko kunali kokoma kuposa nyimbo iliyonse. Ndinati, "Tadala, mugwire mlongo wako. Ukasuntha pano ndikumenya mpaka ukalamba." Ndinabwerera, ndinakoka mpweya panja, ndinalowa, ndinakankha zenera mpaka galasi kusweka, ndinatuluka.

ANachisale anali pakhonde akumanga mafilizesi m'timapepala. Mukudziwa mwambo wathu, ana anga: chipinda chogona cha munthu wamkulu salowamo, ngakhale mwana wobala yekha akakula amaima pakhomo. Ine wobwereka nyumba, ndi mapazi akuda ndi makala, ndinawadutsa osapereka moni, ndinadutsa pabalaza, ndinakankha nsalu, ndinaponda pabedi pawo, pa bulangete lawo la maluwa, nkugwetsa switchi ija. Wailesi inaduka pakati pa nyimbo. Firiji inatsokomola nkukhala chete. Mumdadada monse munamveka "Aaa, apita!"

"Mwana wopanda mwambo iwe!" anakuwa aNachisale ali pakhomo la chipinda. "Pabedi panga? Pabedi pamene anamwalirira amuna anga? Anakulera ndani?"

Ndinagwada pansi pomwepo, koma msana wanga unali utatchinga njira ya ku switchi. Ndinati, "Mayi, nditukwaneni, ndimenyeni, ndalakwa. Koma pitani mukanunkhize pakhomo panga." Sanapite. Anati akuwerenga mpaka teni, ndipo akamaliza ayatsa, mafilizesi awo sangasungunuke chifukwa cha misala ya ku Maselema. Pamenepo ndinadziwa kuti za bwana zija sizingatheke. Ngakhale atandimvera kanthawi, ndikangotembenuka ayatsa, ndipo batire liyambanso kudya litakhuta. Switchi sinali yanga. Changa chinali chidindo chokha. Ndinawapempha kanthawi koti madzi nkuwira pambaula, ndipo kaya anaona chiyani pankhope panga, anakhala pabedipo mwamphamvu nkuti, "Fulumira. Ukamaliza upakire. Nyumba yanga sindisungamo zigawenga."

Ndinadikira panja pachitseko, ndikupukusa chitenje kuti mpweya utuluke, anthu a mumdadada atasonkhana patali, ena akuseka, ena akufunsa za mafoni awo. Kudikira kumeneko kunali kovuta kuposa kuthamanga konse kuja. Kulira kwa batire kutachepa ndinamanga chitenje kumphuno nkulowa. Chidindo chinali pomwepo, kapepala kofiira konyezimira, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo ndinaona kuti ntchito yanga yonse ndi kameneka. Ndinakang'amba ndi mano a sipanala. Waya wakuda unali wolimba, sipanala inkaterereka ndi thukuta, chitsulo chinkawotcha zala, ndinayang'ana kukhoma monga anandiuzira ndikungoti Yesu, Yesu, mpaka unamasuka. Wofiira unabwera mosavuta. Batirelo linali lolemera kuposa ine, losagwirika ndi kutentha, ndiye ndinaligwetsera pa chiguduli nkulikoka chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono kuti lisatayike madzi ake, kudutsa pakhomo, kudutsa pabwalo, mpaka m'dzenje la zinyalala kumapeto kwa puloti, kutali ndi mbaula za anthu. Ndinalizinga ndi nthambi zaminga, nkuuza azimayi onse kuti mwana aliyense asayandikire.

Nditatola foni pa udzu inali ikulira. Anali a Makwinja. "Esitere, alandilodi avomera?"

"Ayi bwana. Ndadula chidindo. Batire lili kudzala, mutumize anthu adzalitenge, ndi loopsa."

Kenako anati, "Ukudziwa tanthauzo lake."

"Ndikudziwa, bwana."

M'chipinda fungo linali likadalipo, litalowa m'makoma ndi m'zofunda, ndipo sindikanakugonekani mmenemo. Kutseka chitseko kunali kulisunga. Ndinaima pakhomo nkuyang'ana zonse zimene ndinali nazo padziko: bedi, mapoto, wailesi ya bambo anu, sutikesi ya zovala, thumba la ufa limene ndinali nditangogula. Mayi wina woyandikana nane anati, "Amake Tadala, ku Bangwe kuno mukusiya pululu? Pofika mawa mupeza makoma okha." Ndinati apeze okha amene akuzifuna. Ndinatchinga chitseko ndi mwala kuti mphepo isachitseke, ndinawoloka msewu, ndinabereka Yankho, ndinagwira dzanja la Tadala, ndipo tinauyamba wapansi wa ku Namiyango kwa azakhali anu, nyumba ili yasa kumbuyo kwathu.